Mpira Wokhotera Kumanda

M'dera lonse la Domwe, a Jacinto okha ndiwo ankadziwa kuti gofu n'chiyani, ndipo nzeru imeneyi sinawagulire ngakhale mchere. Anzawo pochoka ku Halale ankabwera ndi njinga, ena wailesi, ena makina osokera. Iwo anabwera ndi phewa lopendekeka chifukwa cha thumba la ndodo za azungu limene analisenza zaka zambiri, komanso maso otha kulondola kampira koyera m'mwamba pamene wina aliyense akuona mitambo yokha. Kwa inu amene simunaione, gofu ndi masewera a anthu okhuta. Munthu wamkulu ndi ndevu zake amamenya kampira konga dzira la nkhanga, n'kukalondola, n'kukamenyanso, mpaka kakalowe m'kadzenje, ndipo amene wamenya kochepa ndiye katswiri.

Popita ku Halale anasiya mkazi wawo Antónia ndi kamwana kongoyamba kuyenda, dzina lake Sesilia. Mwanayo chikuku chinamutenga atangoyamba kugweluka mano. Uthenga unayenda ndi anthu apaulendo, kugona apa, kuswera apo, ndipo pamene a Jacinto ankafika kumudzi m'chaka cha 1968, maliro anali atazizira kale, tsitsi la Antónia litameranso. Nkhope ya mwana wawo imene ankaikumbukira inali ya khanda.

Anali mkamwini pamudzipo, choncho anapita kwa a Mateus, malume ake a Antónia, mwini mbumba, kukapempha kuti akaone pamene mwana anagona. Ku Halale anali ataona azungu akupita kumanda ndi maluwa Lamlungu lililonse, mwina n'chimene chinawalimbitsa mtima.

"Akamwini, chisoni chanu tikuchimva," anatero a Mateus mofatsa. "Koma kumanda sitipita kukacheza. Timalowako tikanyamula mnzathu basi. Munthu wopezeka kumeneko yekha, inunso mukudziwa dzina limene anthu amamupatsa."

Dzinalo ankalidziwa: mfiti. Anathokoza n'kubwerera. Mandawo anali msitu wothithikana kumapeto kwa dambo, mitengo yake yakalekale yosakhudzidwapo ndi nkhwangwa. M'mawa uliwonse popita ku ntchito a Jacinto ankaudutsa chapatali, mtima ukuwawa, osadziwa ngakhale mbali imene mwana wawo ali.

Ntchitoyo inali m'minda ya kachewere ya Mpwitikizi wina wotchedwa Baltazar, amene analinso ndi loja, ndiye kuti sitolo, pamsewu. Baltazar ankatumiza kachewere kutsidya kwa malire kudzera pa Kalomwe, ndipo kumeneko azungu anzake anamuitanira ku gofu n'kumuseka mpaka misozi. Anabwerako atafiira makutu. Anaitanitsa ndodo ndi mipira ku Beira, analamula antchito kutchetcha udzu m'dambo ndi kukumba kadzenje kumapeto, ndipo madzulo alionse ankakhala kumeneko akumenya ndi kutukwana.

Kamenyedwe kake kanali komvetsa chisoni. Mpira unkanyamuka bwinobwino ngati ukupita kwabwino, kenaka pakati pa ulendo n'kusintha maganizo, kukhotera kudzanja lamanja, thi m'mitengo ya manda. Antchito ake ankatola yogwera m'udzu yokha. Ya m'msitu ankaikana, ngakhale awaopseze ndi chikoti.

Tsiku lina a Jacinto akudutsa ndi khasu paphewa, pakamwa panawatsogolera. "Wagwa kuseri kwa mkuyu uwo," anatero. Baltazar anawayang'ana, anawafunsa kumene anaphunzira, ndipo kuyambira tsiku limenelo a Jacinto khasu analisiya n'kuyamba kumusenzera thumba la ndodo. Lamulo loyamba linali lakuti akatole mipira yonse ya m'msitu.

A Jacinto anakauza a Mateus. Mkuluyo anakanda chibwano. "Mukakana inu, alowamo yekha ndi nsapato zake," anatero pomaliza. "Bola inuyo. Muzivula nsapato, musathyole kanthu, ndipo potuluka muzisamba mankhwala amene ndikupatseni. Koma mumve bwino, akamwini. Mukulowa chifukwa mzungu wakutumani. Tsiku limene sadzakutumani, phazi lanu lisadzapondemo."

M'msitumo munali mozizira ngakhale kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Mbalame zinali zii. A Jacinto anayenda atawerama, akupalasa masamba ndi zala, koma pansi pa mkuyu, pamene anaona ndi maso awo mpira ukugwa, panalibe kanthu. Anafufuza uku ndi uko mpaka anafika pakamtumbira kakang'ono chakumadzulo. Pambali pake panali kadzenje kosaya, kosalala bwino ngati kokumbidwa ndi chikhatho, ndipo mipira yonse inali mmenemo itaunjikidwa. Umodzi unali kunja, pambali, paokha. Aliyense amene anakulira pamudzi amadziwa kuti atsikana amayala miyala yawo motero akamasewera phada.

Anakhala pansi. Sanaone munthu, sanamve mawu, koma ankadziwa kuti sali okha, monga mmene umadziwira kuti mwana wabisala kuseri kwa chitseko akukusuzumira. Mantha analipo, koma chimwemwe chinaposa mantha, ndipo chimenecho n'chimene chinawaopsa kwambiri.

Madzulo ake anafunsa mkazi wawo akusenda nyemba pakhonde. "Amake Sesilia, kodi mwana uja ankakonda phada?"

Manja a Antónia anaima. "Wakuuzani ndani?"

"Ndangofunsa."

"Ankaiwala ndi kudya komwe. Miyala ankagona nayo m'manja." Anawayang'anitsitsa. "Abambo ake, zimene mukukaona kumeneko musamabwere nazo pakhomo pano. Ine ndinalira kale ndekha, inu kulibe."

Sanazitchulenso. Koma kuyambira pamenepo moyo wa a Jacinto unali m'msitu muja. Mipira ikachuluka m'mitengo, Baltazar ankaloza ndi ndodo, iwo n'kuvula nsapato. Nthawi zonse ankaipeza m'kadzenje kaja. Ankakhala pambali pa mtumbira n'kumamufotokozera mwanayo za sitima ya pamtunda, za magetsi a ku Halale, za diresi limene anamugulira n'kuzindikira asanalitumize kuti lamuchepera kale. Anapepesa kambirimbiri. Anthu pamudzi anayamba kuwapatukira panjira, amayi n'kumakoka ana awo, koma iwo analibe nazo kanthu.

Pa za gofuyo ankamuthandizadi bwana wawo, tisawanamizire. Anamuphunzitsa kuima miyendo itatakasuka molingana ndi mapewa. Anamuletsa kufinya ndodo ngati akupha njoka. "Apatarau, igwireni ngati mwanapiye, asathawe koma asafe," ankatero, apatarau kukhala bwana pa Chipwitikizi. Anamuuza kuti diso lizikhala pampira mpaka utachoka, chifukwa wothamangira kuona kumene wapita amapeza sunapite kulikonse. Pafupi ndi dzenje anamuphunzitsa kukankha ndi mapewa, manja ali phee, ndiponso kuti mpira ukagwa poipa ndi bwino kungoutulutsira poyera kusiyana ndi kufuna kuchita zodabwitsa. Baltazar anayamba kumenya kochepa, ndipo ankabwerako kutsidya makutu ali oyera.

Koma matenda enieni a mpira wokhota a Jacinto sanawakhudze. Anawaona tsiku loyamba lomwe: dzanja lamanzere linkagwira ndodo chogadama, ndipo ndodoyo inkatsika kuchokera kunja, kudula mpira chopingasa. Mankhwala ake anali a mawu ochepa. Anawasunga m'kamwa mvula ziwiri zathunthu, chifukwa mpira ukawongoka, wowatuma kumanda akanakhala ndani?

Chinawononga zinthu ndi chifundo chawo chomwe. Zinkawapweteka kukokolola mipira yonse n'kusiya kadzenje kali mbee, choncho anayamba kusiyako umodzi, kenaka iwiri, n'kumanena kuti yasowa. Ankachedwanso kutuluka. Nthawi imeneyo nkhondo ya Apwitikizi ndi omenyera ufulu a m'tchire inali itafika m'Tete, magalimoto a ku Beira sankabwera kawirikawiri, ndipo mipira ya Baltazar inkatha.

Tsiku lina a Jacinto atatuluka m'msitu anapeza bwanayo atakhala pathumba, akusuta, maso ali pamitengo. Chinyanja chake chinali chothyokathyoka koma chomveka. "Iwe Jacinto, vuto si ine. Vuto mitengo iyo. Ine kuona mitengo, mpira kupita mitengo. Ine kuuza shefe ku posito, anthu a m'tchire kubisala umo. Asilikali kubwera, kudula zonse, kutentha. Basi, dambo loyera."

Sankaseka. Masiku amenewo mawu amodzi a mzungu kwa shefe, mkulu wa boma m'deralo, ankakwana kusandutsa msitu phulusa, ndipo a Jacinto anali ataona utsi wotero kumidzi ina. M'maganizo mwawo anaona nsapato za asilikali pakamtumbira kaja, dzuwa likuwomba pamene sipanaombepo dzuwa chiikireni mwana wawo.

"Apatarau, ndipatseni mpaka Loweruka," anatero. "Mpira ukakhotanso, kauzeni a shefe."

M'mawa mwake anayamba. Anagwira dzanja lamanzere la mzunguyo, chinthu chimene ku Halale chikanawachotsetsa ntchito, n'kulipotoza pandodo mpaka mfundo ziwiri za zala zikuonekera pamwamba. Anamupanitsa chipewa m'khwapa lamanja kuti chigongono chisathawe nthiti. Anazika bango pansi, kunja pang'ono kwa mpira, n'kunena kuti ndodo ikagunda bangolo ndiye kuti yabweranso njira yakale. "Musayambe ndi mapewa, apatarau. Chiuno chitsogole, manja abwere pambuyo. Mphamvu zisiyeni kumunda." Baltazar anathyola mabango ambiri, anatukwana amake bango ndi agogo ake omwe, koma a Jacinto ankangozika lina. Ankaphunzitsa ndi mtima wonse, ngati munthu wokumba dzenje lake lomwe mosamala.

Mipira yokhota inayamba kuchepa. Lachinayi inalowa m'msitu iwiri yokha, ndipo a Jacinto atakaitenga anaipeza m'kadzenje monga mwa masiku onse. Anakhala pansi kuti amuuze mwanayo zimene zikubwera. Koma anangosalaza dothi la m'mbali mwa mtumbira ndi chikhatho, bwana akuitana kudambo.

Loweruka kunacha ndi mphepo yozizira yochokera kumapiri. Baltazar anaika mpira, anayang'ana zala zake, anapuma, n'kumenya. Kulira kwake kokha kunawauza a Jacinto zonse. Mpirawo unakwera, unayenda chilunjikire pakati pa dambo, n'kukagwa patali pamene sunafikepo ndi kale lonse. Wachiwiri chimodzimodzi. Anamenya thumba lonse, ndipo m'mitengo simunagwe tsamba ndi limodzi lomwe.

Baltazar analumpha ngati mwana. Anawamenya a Jacinto pamsana, anawatcha mphunzitsi, anati mitengo ikhale, ilibe mlandu. A Jacinto anayang'ana msitu uja uli chiimire, wobiriwira, wamthunzi. Anali ataupulumutsa, koma wowatumanso kumeneko panalibe.

M'chisangalalo chakecho mzunguyo anachita chimene mzungu aliyense sanawachitirepo zaka zonse za ku Halale. Anawapatsa ndodo. "Menya iwe, mphunzitsi. Ine kuona."

A Jacinto anailandira. Anaima bwino, miyendo m'malo mwake. Kenaka mwakachetechete anabweza dzanja lamanzere chogadama, anatsegula chigongono, n'kutsitsa ndodo kuchokera kunja. Mpira unanyamuka, unakhota mokongola kudzanja lamanja, n'kulowa m'mitengo chakumadzulo, pamene ankafuna.

Baltazar anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mphunzitsi kudziwa pakamwa basi!"

"Ndalakwitsa, apatarau," anatero a Jacinto, atawerama kale, zala zili pazingwe za nsapato. "Ndikautenge."

"Ayi, ayi, siya," anatero Baltazar mokoma mtima, akupukuta misozi ya chiseko. "Iwe kuvutika kwambiri m'msitu umo, ine kudziwa. Anthu ako kuopa malo amenewo. Kuyambira lero iwe osalowanso. Ine kulonjeza."

Ndipo lonjezo lakelo analisunga mpaka tsiku limene anakweza katundu wake pagalimoto, dziko litatsala pang'ono kulandira ufulu. A Jacinto anamanganso zingwe za nsapato zawo pang'onopang'ono, anasenza thumba, n'kutsata bwana wawo pakati pa dambo kukatola mipira yowongoka ija. Podutsa pafupi ndi msitu anamva kuchokera mkatimo kaphokoso kakang'ono, kampira kakugwera m'chikhatho, kakuponyedwanso, kakugweranso. Kenaka kanaleka, monga amachitira mwana akamva mapazi a munthu amene akumudikira. A Jacinto anapitirira.