Nkhope ya Amayi pa Galasi Lakuda

Kagalasi kake kanali ka pawindo la kalasi yathu, kaja kakatali kolowetsa m'tizitsulo, ndipo kanali kobenthuka pakona imodzi. Ndinakapaka utoto wakuda wa pabolodi kawiri, n'kukayanika pa udzu kuseri kwa ofesi. Mpaka lero ndikamva fungo la utoto umenewo, ndimamva dzuwa la Okutobala la ku Kafue likundiwotcha kumsana. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili giredi sikisi, ndipo pasukulu yonse panalibe wondiposa kujambula. Sindikudzitama ayi. Ndikunena kuti mudziwiretu kuti zimene ndinachita ndi kagalasi kameneko sizinali zangozi.

Chaka chimenecho kunabwera aphunzitsi atsopano ochokera ku Lusaka, achinyamata ndithu, oyenda ndi laputopu m'chikwama ngakhale popita kuchimbudzi. Anayambitsa kalabu ya mafilimu. Atafunsa ana a giredi eyiti filimu imene akufuna kupanga, onse anakuwa kuti yoopsa. Nkhani yake inali ya mawu amene amaitana ana kumtsinje dzuwa lili paliwombo, ndipo amene wayankha sabwererakonso. Anaitcha "Usayankhe". Akuluakuluwo anagawana zosewera, kukanganirana yemwe adzafe koyamba, koma chiyambi chonse anandipatsa ine: dzina la filimu, ndi logo ya situdiyo yathu, chithunzi chija chimene chimaoneka filimu isanayambe. Situdiyoyo tinaitcha Chipuku, mmene anthu a m'tauni amatchulira mzukwa.

Aphunzitsi anali ndi mawu amene ankawabwereza tsiku lililonse: "Filimu yoyofya iyambila pa logo. Ngati muntu sanayope mu masekondi faifi oyamba, ninshi azayamba kukamba na munzake." Laputopu yawo inkazima ikangotentha, choncho zonse tinkapanga ndi manja. Anandionetsa kukanda galasi lakuda ndi msomali, kenako kuunikira tochi kuseri kwake m'chipinda chosungiramo makasu, iwo n'kumajambula ndi foni. Anandiphunzitsanso kuti zilembo zili ndi khalidwe. Zozungulira ndi za makadi a ukwati, zowongoka ndi za kuchipatala, koma zoopsa ziyenera kuoneka ngati wolembayo ankathamangitsidwa.

Dzina la filimu silinandivute. Ndinalikanda ndi dzanja lamanzere kuti linjenjemere, n'kupaka polishi wofiira wa pakhonde pamwamba pa chilembo chilichonse. Nditaliika padzuwa, polishiyo anasungunuka n'kumayenderera pang'onopang'ono, ndipo mtsikana wina wa giredi eyiti analavula ataona. Ndinasangalala kwambiri.

Logo ndiyo inandizunza. Ndinajambula kadzidzi, aphunzitsi n'kufunsa ngati ndi nkhuku yofuna kuikira. Ndinajambula chigaza, anzanga n'kuti ndi dzungu lowola. Ndinajambula dzanja lotuluka m'madzi, wina n'kuti likupempha sopo. Ine sindinali mwana wozolowera kusekedwa pa nkhani ya pensulo, ndiye ndinakwiya kwambiri. Tsiku lina aphunzitsi anandikhazika pansi n'kunena kuti, "Chamene chiyofya maningi ni chintu chamene uziba, koma chapendamako chabe pang'ono." Iwo anangolankhula za ntchito. Sankadziwa kwathu, ndipo sanaonepo amayi anga.

Amayi ankagulitsa nsomba zouma mumsika wa m'tauni, ndipo ankadziwika ndi kuseka kwawo komveka mpaka kokwerera maminibasi. M'mwezi wa Juni chaka chomwecho anadzuka m'mawa mbali yakumanja ya nkhope yawo itagwa. Diso silinkatsekeka, linkangotuluka misozi. Pakamwa panakokekera kumanzere, ndipo akamamwa tiyi, wina ankatsikira pachibwano. Kuchipatala anati ndi mtsempha, mwina uchira, mwina ayi. Koma ku Nangongwe kumene tinkakhala, anthu anali ndi chipatala chawo cha pampopi, ndipo kumeneko anagamula kuti amayi anamenyedwa mbama ndi chipuku. Kuyambira pamenepo amayi sanatulukenso pageti. Benchi lawo la kumsika ankakhalapo ndi amalume, mlongo wawo wamng'ono amene tinkakhala naye, munthu wosadziwa kusiyanitsa nsomba yabwino ndi yofumbwa.

Amalume ankayesetsa. Madzulo aliwonse ankawauza kuti, "Ba sisi, sichionekela. Ni imwe chabe muganiza." Ine ndiye ndinalibe chifundo choterocho. Ndinkachita manyazi, ndipo manyaziwo anasanduka mkwiyo, ngati kuti amayi anasankha dala kundichititsa manyazi. Ndinasiya kudya nawo mbale imodzi. Akamandilankhula ndinkayang'ana pansi kapena kukhoma. Miyezi inayi inatha ndisanawayang'ane m'maso, m'nyumba ya zipinda ziwiri.

Tsiku la mawu a aphunzitsi aja ndinapeza amayi akusankha nyemba kuseri kwa nyumba. Ndinaima n'kuwayang'ana, ndipo ndinadziwa nthawi yomweyo kuti logo yanga ndaipeza. Ndinawauza kuti kusukulu atipatsa ntchito yojambula munthu amene timamukonda. Bodza limenelo linatuluka mosavuta, ndipo mpaka pano ndimadabwa kuti mwana angalitenge kuti. Amayi anaika lichero pansi n'kufunsa kuti, "Ufuna kunidrowinga ine? Na nkhope iyi?" Ndinati eya.

Anandiuza kuti ndidikire. Analowa m'nyumba, n'kutuluka atasamba kumaso, atadzola mafuta, atamanga duku lawo la kutchalitchi. Anakhala pa ndowa yovundikira, manja pamaondo, n'kumafunsa kuti, "Ninkale so? Olo so?" Tinachita zimenezo masana anayi otsatizana. Kunkatentha moti malata ankachita kulira, ntchentche zinkatera pa diso lonyowalo, koma iwo osagwedezeka, kuopa kundisokoneza. Ankandisimbira za ubwana wanga, mmene ndinkalembera pakhoma ndi makala, mawu akutuluka mopotoka. Ine sindinkamvetsera. Ndinkayeza ndi pensulo kutalika kwa kuchoka pa diso kufika pakona ya mlomo.

Ndinajambula zithunzi ziwiri. Chimene ndinkawaonetsa chinali cha mayi wosalala nkhope, womwetulira, amene akanatha kukhala mayi wa aliyense. China ndinkachibisa kunsi kwa pepala, ndipo mmenemo ndinaikamo luso langa lonse. Ndinakulitsa diso, ndinakokera mlomo pansi kuposa mmene unalili, koma ndinasiya dala mpata wa pakati pa mano, kachipsera ka pachipumi, ndi mfundo ya duku imene amayi okha ankaimangira pamwamba pa khutu. Ndikanatha kuchotsa zimenezo. Ndinayesa kamodzi, chithunzicho n'kusiya kuopsa, ndiye ndinazibwezeretsa.

Nditachikanda pagalasi, tinakalowa m'chipinda cha makasu chija n'kutseka chitseko. Ndinayendetsa tochi pang'onopang'ono kuseri kwake, kuti liyambe kuoneka diso lokha, kenako mlomo, kenako nkhope yonse. Pansi pa diso ndinadontheza polishi wofiira. Phokoso lake tinakalitenga kusiteshoni, kulira kwa mabuleki a sitima ya katundu. Aphunzitsi ataonera pafoni anandigwira paphewa n'kunena kuti ndidzafika patali. Ananena zoona, chifukwa lero ndimadya ntchito yomweyi. Anandifunsa kumene ndinaitenga nkhopeyo, ndipo ndinati m'mutu mwanga.

Filimu inakonzedwa kuti ionetsedwe Loweruka masana mu holo ya sukulu, makolo ataitanidwa. Kalata yanga ndinaipinda n'kuiika m'thumba la yunifolomu, koma amalume anaipeza pochapa. Anasangalala ngati apeza mwayi waukulu. Kwa masiku atatu anawanyengerera amayi, kuti mu holo mudzakhala mdima, kuti palibe adzawayang'ane, kuti mwana wawo ndiye wapanga chiyambi chonse. Anati akangodutsa tsiku limenelo, Lolemba akabwerera kumsika. Amayi anakana, anakananso, kenako anandiyang'ana ine n'kufunsa ngati ndikufuna kuti abwere.

Apa ndi pamene ndimaima nthawi zonse ndikamakumbukira. Ndikanatha kunena kuti ayi, mawu amodzi okha. Ndikanatha kulira n'kuulula. Koma mumtima mwanga munali kanthu kena konyansa kamene kankafuna kudziwa ngati ndajambula molondola, ngati anthu adzazindikire. Ndinati abwere.

Loweruka limenelo amayi anatuluka pageti koyamba chichokere Juni. Anavala chitenje chatsopano ndi duku lomwe lija, mfundo pamwamba pa khutu. Panjira ankagwira kampango pamlomo, koma titakumana ndi mayi wina wogulitsa tomato amene anawakumbatira n'kuwauza kuti msika wazizira popanda iwo, anakatsitsa kampangoko. Anaseka ndithu, kuseka kwawo kwakale, ngakhale kunatulukira mbali imodzi. Amalume ananditsinzinira diso.

Mawindo a holo anali otchingidwa ndi mabulangete ndi mapulasitiki akuda. Munkanunkha thukuta ndi chimanga chokazinga. Amayi ndi amalume anakhala chapakati, ine kutsogolo ndi a kalabu. Pulojekita yobwereka inayaka, khoma linada, mabuleki a sitima analira, diso linatuluka mumdima lalikulu ngati beseni. Ana aang'ono anakuwa. Mlomo utaoneka, wina anagwa pabenchi, ndipo ine thupi lonse linachita tsembwe ndi chisangalalo. Nkhope yonse itadzaza khoma, mawu a mzimayi anamveka kumbuyo: "Iye! Si ba mayi baja ba nsomba?"

Kuseka kunayambira kumbuyo n'kubwera kutsogolo. Anthu anayamba kutembenuka, kuyang'ana khoma, kuyang'ana amayi, kuyang'ananso khoma. Wina anayatsa tochi ya foni kuti aonetsetse. Logoyo inali ya masekondi asanu okha, koma filimu yonse palibe anaionera bwino. Mawu a kumtsinje akamaitana, ana a mu holomo ankakoka milomo yawo ndi zala n'kumayankha. Amayi sanatuluke. Anakhala mpaka mapeto, msana uli chilili.

Aphunzitsi anali kutsogolo akulimbana ndi laputopu kuti isazime, ndipo anaganiza kuti phokoso lonselo ndi la kukondwa. Mabulangete atachotsedwa, anati amene anapanga logo aimirire kuti amuombere m'manja. Ndinaimirira. Nditacheuka ndinaona amayi akuomba m'manja pang'onopang'ono, diso lija likutuluka misozi monga mwa masiku onse, ndipo linalo linali louma.

Tinawoloka njanji kubwerera kunyumba. Titalowa pageti amalume anavula lamba kuti andikwapule, ndipo ndinali ndisanawaonepo atakwiya chotero. Amayi anangoti, "Musiye." Anamasula duku, analipinda bwinobwino, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Wadrowinga mushe, mwana wanga. Ndine wamene." Ine, chitsiru, ndinamva ngati andiyamikira, ndipo ndinadya bwino tsiku limenelo.

Lolemba amayi sanapite kumsika, ngakhale Lolemba linalo. Mvula itayamba, benchi lija linatengedwa ndi munthu wina, ndipo amalume anakapeza ganyu yonyamula matumba. Ana a mu Nangongwe ankadutsa pageti pathu akukuwa kuti "Chipuku!", ena akutsanzira kulira kwa mabuleki. Aphunzitsi atamva zoona zake anabwera kudzapepesa, anachotsa logoyo pa filimu, ndipo sanandiyang'anenso ngati kale. Chimene chinandipweteka ine panthawiyo chinali chimenecho, kuti ntchito yanga yabwino koposa yafufutidwa. Ndinalira usana wonse, ndipo amayi ndi amene anandibweretsera madzi akumwa.

Nkhope yawo inayamba kubwerera pang'onopang'ono, ngakhale sinafike mmene inalili. Koma panali chinthu china chimene ndinayamba kuona masiku omwewo a mvula. Amayi akamandilankhula, ankatembenuzira mutu kumbali. Akamandipatsa chakudya, akamandiluka tsitsi, akamandifunsa za kusukulu, ankakhala mondionetsa tsaya lamanzere lokha, mbali ija yosagwa. Ndikazungulira kuti ndikhale mbali inayo, iwo ankapeza chifukwa chodzukira, kukatenga mchere kapena kukatseka chitseko.

Ndinafunsa amalume ngati matenda aja alowa m'khosi. Ndinadabwa kuti khosi lake ndi lotani, chifukwa polankhula ndi amalume amayi ankayang'ana molunjika. Kwa oyandikana nawo nyumba ankayang'ana molunjika, ngakhale kwa ana onyoza aja ankaima pakhomo n'kuwayang'ana ndi nkhope yonse mpaka atathawa. Khosilo linkawawa akakhala ndi ine ndekha. Ndinawauza kuti apite nalo kuchipatala, ndipo ndinadzipereka kuti ndiwaperekeza.