Nsomba Zimene Bambo Anga Anapha

Ndikukumbukira chilimwe chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Oshawa, kufupi ndi Toronto, m'nyumba ya lendi pafupi ndi njanji. Zinali zaka za m'ma 1970, nthawi imene Amalawi a m'dera lonse la Toronto tikanakwana m'basi imodzi, mipando n'kutsalako. Bambo anga ankayeza magazi pachipatala, mayi anali namwino. Ine ndinali nditalowerera kale Chingerezi cha kusukulu. Chichewa ndinkamva bwinobwino, koma kuyankha ndinkayankha m'chizungu, moti mayi ankandiseka kuti lilime langa linauma ndi chisanu cha kuno.

Bambo anakulira ku Zomba, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndipo kuno anali munthu wosungulumwa. Akaweruka kuntchito ankangokhala pawindo n'kumaonerera sitima. Mnzawo anali mmodzi yekha, a Denis, mzungu wochokera ku Mangalande amene tinayandikana naye nyumba. Iwo ankagwira ntchito kufakitale ya magalimoto, ndipo pamodzi ndi anzawo a kwawo anali ndi kalabu yowedza nsomba. A Denis ndiwo anatilembetsa mpikisano wa kalabuyo, wa kholo ndi mwana wake, woyamba Loweruka mpaka Lolemba la holide. Mayi anang'ung'udza za kujomba kutchalitchi Lamulungu, koma ataona mmene nkhope ya bambo inawalira, anangopukusa mutu n'kutikazingira mandasi.

Mpikisano unkachitikira padamu la mlimi wina, a Gordon, kumpoto kwa tauni. Mkuluyu ankaweta nsomba za carp, zonenepa, za mamba akuluakulu, ndipo anthu ankalipira kuti awedzepo. M'mawa aliyense ankatola nambala m'chipewa, n'kukakhala pamalo a nambalayo tsiku lonse. Nsomba ukaikola unkaiika muukonde wautali wonga thumba, womizidwa m'madzi, kuti ikhale yamoyo. Wezulo ikalira madzulo, ankadutsa ndi sikelo kuyeza nsomba za aliyense, kenako zonse n'kubwezedwa m'damu. Lamulo lalikulu linali limodzi: wopha nsomba kapena kuitengera kunyumba achotsedwa, ndipo asadzapondenso pamalopo. Bambo atamva zimenezi anaseka chamumtima, n'kundinong'oneza kuti anthu owedza ndiwo n'kuzibweza ndi anthu okhuta. Komabe lamulolo analisunga kuposa eni ake. Nsomba ankaigwira atanyowetsa manja, mbedza n'kuichotsa pang'onopang'ono ngati akuzula minga kuphazi la mwana.

Loweruka lija linali tsiku lokoma. Dzuwa linatentha, matope ankanunkha ngati a kudambo, udzudzu unatidya miyendo, koma sindinadandaule. Nyambo yathu inali chimanga cha m'chitini. Ndinaphunzira kuyang'anitsitsa kanthenga koyandama pamadzi, kamene kamamira nsomba ikadya nyambo. Tinakola zisanu ndi imodzi. Ziwiri zinali zazing'ono kwambiri, ndipo bambo anazibweza pompo osaziika muukonde, akuti zimenezo ndi ana. Pasikelo tinayezetsa zinayi.

Tikupita kugalimoto, bambo atanyamula bokosi lathu la zakudya, tinakumana ndi a Gordon pageti. Anafunsa mwaulemu kuti tsiku layenda bwanji. Bambo, chimwemwe chitadzadza tsaya, anayankha mokweza.

"Very good. I killed six."

Kwathu munthu amapha nsomba. Sitiganiza n'komwe za imfa tikamanena mawuwo; msodzi akabwera kunyanja timangofunsa kuti wapha zingati. Bambo anangotenga mawu a kwawo n'kuwaveka Chingerezi. Koma ine ndinawamva ndi makutu a kuno. Ndinaona a Gordon akusiya kumwetulira. Anali ataona okha nsomba zinayi pasikelo. Anayang'ana bambo, n'kuyang'ana bokosi lija. Bambo anawatsanzika mwansangala, ife n'kumapita.

Ndinafuna kulankhula m'galimoto. Koma sindinatero. Panyumba pathu mwana sankakonza mawu a bambo ake, ndipo mayi anandiphunzitsa zimenezi ndisanadziwe n'kumanga nsapato komwe. Makamaka za Chingerezi, pakuti bambo anachikhetsera thukuta kusukulu ya mishoni ndipo ankanyadira nacho. Tsono tsiku limenelo ankaimba nyimbo za kwaya njira yonse, akumenya chiwongolero ngati ng'oma, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo chibwerereni kuno. Ndinadziuza kuti mwina a Gordon sanamvetse, mwina pofika mawa aiwala.

Sanaiwale. Lamulungu titafika, anthu amene dzulo lake ankatigwira chanza anangogwedeza mitu chapatali. Mkulu wina wa komiti ya kalabu anabwera ndi mpando wake n'kukhala kumbuyo kwathu, fodya ali pakamwa, osawedza. Bambo akatsegula bokosi kuti atenge tiyi, mkuluyo ankasolola khosi. Bambo anamupatsa mandasi, iye anakana. A Denis anadutsa kamodzi, n'kufunsa za nyambo maso ali kumadzi, n'kubwerera msangamsanga.

Masana mwana wa a Denis, Colin, amene tinkaphunzira kalasi imodzi, anandipeza kumpopi ndikutunga madzi. Anandiuza mosabisa kuti aliyense akudziwa kuti bambo anga akuba nsomba, kuti anavomera okha, ndipo mawa pasikelo yomaliza adzawatsegulitsa bokosi pamaso pa anthu onse n'kuwathamangitsa. Ndinamufunsa ngati bambo ake akudziwa. Anati akudziwa, koma akuti si nkhani yawo.

Ndinabwerera pamalo pathu. Padamu ponsepo anthu akuda tinali awiri okha, ndipo ndinali wamkulu mokwanira kudziwa kuti akatitcha akuba, dzinalo litsatira bambo mpaka kuchipatala, ine mpaka kusukulu. Kanthenga kanga kanamira kangapo ine osaona. Bambo anandifunsa ngati ndikudwala, ndinati ndi dzuwa. Iwo anali ataona kuti anthu asintha, koma anamasulira mwawomwawo. Anandiuza monyadira kuti azunguwa achita nsanje chifukwa mwana wa ku Chilwa akuwaonetsa ntchito. Ndipo aliyense wotiyang'ana ndi diso la nkhwezule, bambo ankamukwezera dzanja n'kumumwetulira. Kumwetulira kumeneko kunkandilasa mtima kuposa china chilichonse.

Kunyumba ndinaganiza zouza mayi, koma anali pa shifiti, ndipo atabwera anali otopa. Ndinaopanso kuti anena kuti ndi malipiro ojomba kutchalitchi. Ndinapemphera kuti Lolemba kugwe chimvula, kapena galimoto ikane kulira. Kunacha kopanda ndi kamtambo komwe, galimoto n'kulira kamodzi kokha.

Za kuwedza kwa tsiku lomaliza ndikukumbukira zochepa. Ndikudziwa kuti bambo anakola nsomba yaikulu imene inawavutitsa nthawi yaitali, ndodo itapindika ngati uta, ndipo anandiitana kuti ndiigwire ndi kaukonde kam'manja. Palibe anawomba m'manja. Ine khutu linali kwa wezulo, ndikulakalaka isalire.

Inalira. A sikelo anafika pamalo pathu, koma ulendo uno pambuyo pawo panali a Gordon, a komiti, ndi ena ambiri amene anasiya ndodo zawo kudzaonerera. Nsomba zitayezedwa n'kubwezedwa, a Gordon anapempha bambo kuti atsegule bokosi. Bambo anadabwa, komabe anatsegula. Munali fulasiki, mandasi otsala ndi zitini za chimanga. A Gordon sanakhutire. Anati nanga za Loweruka zija zili kuti, pakuti bambo anawauza ndi pakamwa pawo.

Bambo anaimirira mowongoka, monga ankachitira munthu akakayikira mawu awo.

"Yes. I killed six. Yesterday I killed more."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina kumbuyo anatukwana. Mkulu wa komiti anakonza kukhosi kuti alengeze chigamulo, a Denis maso ali pansi. Ndinasowa mtengo wogwira. Sindikudziwa chimene chinandikankha, ndinangopezeka ndagwada m'matope pafupi ndi bambo, monga ndinkachitira kunyumba powapatsira madzi, ndipo kwa nthawi yoyamba pa miyezi yambiri ndinawalankhula m'Chichewa.

"Ababa, pepani. Kuno akati kill ndiye kuti yafadi. Akuganiza kuti nsomba munazipha zenizeni, n'kuzibisa. Akuti ndinu wakuba."

Chichewa changa chinatuluka chopotoka, koma anamva. Ndinaona nkhope yawo ikugwa pang'onopang'ono. Anayang'ana bokosi lotsegula lija, n'kuyang'ana mkulu amene anakana mandasi, kenako anthu onse mmodzimmodzi. Atatero anandidzutsa pondigwira dzanja. Anafotokoza m'Chingerezi chodekha kuti m'chinenero chathu kukola nsomba timati kupha, chifukwa kwathu wopita kumadzi amakhala atasiya ana akudikira ndiwo. Anati ziwiri za Loweruka zija zinali zazing'ono ndipo anazibweza pompo, ngati akufuna akazifunse m'damumo.

A Gordon anafiira mpaka m'makutu. Anavula chipewa n'kupepesa, ndipo ndinaona kuti kupepesa kwake kunali kochokera pansi pa mtima. Ena anaseka chikhakhali, n'kumamenya bambo paphewa ngati nkhani yonse inali nthabwala. Bambo sanaseke nawo. Anatembenukira kwa a Denis n'kuwafunsa motsitsa ngati ankadziwa zonsezi. A Denis anavomera, n'kunena kuti sanafune kuwachititsa manyazi powafunsa.

Sitinapambane mpikisanowo, ndipo sitinadikire kuti tione opambana. Titayenda pang'ono bambo anaima m'mbali mwa msewu, pafupi ndi munda wa chimanga, n'kuzimitsa injini. Anandiitana ndi mfunda, monga amaitanira munthu wamkulu.

"Naphiri, iwe unadziwa liti?"

Ndinati Loweruka, pageti pomwe paja. Anafunsa chimene ndinakhalira chete, ndipo ndinayankha misozi ili chuchuchu kuti mwana sakonza mawu a bambo ake. Ndinkayembekeza kukalipiridwa chifukwa chowadula mawu pagulu.

"Amayi ako anakuphunzitsa bwino," anatero. "Koma ukaona bambo ako akuyenda chobwerera kulunjika kudzenje, ulemu wake ndi kukuwa. Wakutsina khutu ndi mnansi, mwanawe. Kuno ine makutu a dziko lino ndilibe. Uli nawo ndiwe."

Analiza galimoto, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso. Kudamu kuja anabwererako chaka chotsatira, a Gordon atabwera okha kunyumba kudzawaitana. Ndi a Denis anapitiriza kupatsana moni pampanda, koma kucheza kwa kale kuja sikunabwererenso.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti chinawapweteka bambo tsiku lija ndi kuwatsegulitsa bokosi pagulu. Lero, nditakula ndiponso nditakhalapo mlendo m'malo ambiri, ndikuona kuti sichinali chimenecho. A Gordon anawaganizira zoipa, inde, koma ndi okhawo amene anawalemekeza mokwanira kuti awafunse maso ndi maso. Ife awiri amene tinkawakonda tinakhala chete, a Denis ndi ulemu wa kwawo, ine ndi ulemu wa kwathu. Ndipo chifukwa cha ulemu wathuwo, bambo anga anatha masiku awiri athunthu akukwezera dzanja ndi kumwetulira anthu amene ankawaona ngati mbala.