Fusae, Wopesa Tsitsi la Mng'ono Wake

Fusae anabadwira m'mudzi wa asodzi kufupi ndi Tsuruga, ndipo kuyambira ali kamtsikana ankalota zooneka pa kanema. Nkhondo yaikulu ya padziko lonse itatha, anamva kuti kampani ina ya mafilimu ku Kyoto ikufuna atsikana atsopano. Mayi ake anakana kuti apite yekha, anatuma mng'ono wake Mitsuyo kuti amuperekeze.

Pamaso pa akuluakulu a kampaniyo Fusae anavina, anaimba, analira misozi yeniyeni. Mitsuyo anangokhala pabenchi panja, akudya mpunga wa kamba wawo. Mkulu wina wojambulitsa mafilimu podutsa anaima, n'kumufunsa dzina. Mtsikanayo anayankha mpunga uli m'kamwa. Anatengedwa iyeyo.

Mitsuyo anati sangakhale mumzinda popanda mkulu wake, choncho Fusae anapatsidwa ntchito m'chipinda chokonzera tsitsi. M'mawa uliwonse ankapesa mng'ono wakeyo, kumumanga tsitsi ndi kumuveka mawigi olemera. Kunyumba ankamuti "iwe", koma pantchito lamulo linali loti azimuti "inu", mwana yemwe iye anamubereka kumsana.

Dzina la Mitsuyo linakula. Nkhope yake inali pa zikwangwani, pa makalendala, ngakhale pa mabokosi a sopo. Fusae ankaloweza mawu onse a m'filimu asanayambe kujambula, ndipo Mitsuyo akaiwala mzere, milomo ya Fusae inkayenda yokha kuseri kwa kamera. Mumtima ankati ndikanakhala ine, holo yonse ikanalira.

Fusae anakwatiwa ndi Kanji, wonyamula nyale pakampani pomwepo, munthu wofatsa. Tsiku lina anapita limodzi kukaonera filimu ya Mitsuyo, ndipo Fusae anaona mwamuna wake akupukuta misozi, munthu amene pamaliro a bambo ake omubereka sanagwetse msozi.

"Mlamu wanu wakugwirani mtima, eti?" anatero potuluka.

Kanji anati nkhani ya m'filimuyo ndi imene inali yachisoni. Fusae anatha nyengo yonse ya mvula akumupakulira chakudya osamulankhula.

Wailesi yakanema italowa m'makomo, anthu anasiya kudzaza maholo oonetsera mafilimu. Mitsuyo anayamba kupatsidwa mbali za azakhali m'mafilimu, kenako akampani anasiyiratu kumuitana. Mwamuna wake, mwana wa mwini fakitale ya nsalu, anamusiya. Nthawiyo n'kuti Fusae atatsegula kasaluni kake, ndipo anamupatsa chipinda chapamwamba. Anaganiza kuti tsopano mtima wake upumula.

Koma amayi a m'deralo atamva yemwe akusesa tsitsi m'salunimo, anayamba kubwera mwaunyinji. Ankakhala pampando wa Fusae, maso ali pa Mitsuyo.

"Achemwali, wodala ndinu," anatero Mitsuyo masana ena akutsuka zipeso. "Muli ndi mwamuna, ana, nyumba. Ine anthu ankangondiyang'ana basi."

"Basi?" anatero Fusae. Anayang'ana imvi za mng'ono wake, n'kuona kuti nazonso zikumukhala.

Mitsuyo anadwala chifuwa, ndipo Fusae anamudwazika mpaka kumuika m'manda. Patapita zaka, mwana wamkazi wa Fusae anabereka kamtsikana. Aliyense wodzaona khanda ankati lafanana ndi malemu Mitsuyo. Fusae ankalilanda m'manja mwawo, kulitembenuzira kuzenera, n'kuwauza kuti ayang'anitsitse bwino: mphunoyo ndi ya iyeyo, Fusae.