Ahedi Sanatembenuke

Pamsika wa Milepa palibe amene anandigonjetsapo pa nkhani yonenerera mtengo. Kaunjika ndinayamba kugulitsa ndevu zisanamere, ndipo munthu ndimamudziwira kumsana. Wogula akati, "Basi ndapita," ine ndimangopinda malaya anga mwakachetechete. Ukamuitana waluza. Amakafika pa ogulitsa tomato, n'kukanda m'mutu, n'kubwerera yekha. Luso limeneli ndi lomwe linachititsa makolo kundisankha kukhala wapampando wa komiti ya sukulu ya kwathu. Ankati, "Uyu anthu a mataye sangamupusitse."

Ahedi athu anali mayi aafupi, oyenda mofulumira ngati mvula ikuwathamangitsa. Sitandade 1 ankaphunzitsa okha pansi pa mtengo wa mango, ati maziko sapatsira wina. M'mawa ndikamamanga belo la kaunjika pa njinga, mawu a ana awo ankamveka mpaka kudambo. Mwana wanga wamkazi atabereka ali Sitandade 7, ine ndinati sukulu yathera pomwepo. Iwo anabwera kwathu wapansi, n'kukhala pakhonde.

"Bambo, lamulo likulola kuti abwerere m'kalasi. Khandalo agogo ake alipo. Kapena si inu?"

Mtsikanayo anabwereradi.

Vuto linali nyumba ya ahedi. Khoma linang'ambika, denga linkadontha ngati sefa. Tsiku lina pamsonkhano wa komiti anaimirira.

"Apampando, dzinja lathali ndagona nditafunda ambulera. Makolo aumbe njerwa, malata ndikapempha ndine kuboma. Apo ayi, ndipempha transifa."

"Amayi, anthu atopa nazo njerwa. Taumba za zimbudzi, taumba za kalasi. Bwanji tingomata ming'aluyo?"

"Pano simukugulitsa siketi, apampando."

"Chabwino, timata, kudenga tiyalako pulasitiki. Ameneyo ndi banyira."

Anthu anafa nacho chiseko. Ahedi sanaseke. Anatola chikwama n'kutuluka, ine maso ali pamsana pawo. Mayi wina wa m'komiti anadzuka kuti awatsatire, ndinamugwira dzanja.

"Osawaitana. Mayendedwe amenewo ndimawadziwa. Akafika pa tomato abwerera."

Teremu inatha. Tsiku lina masana lole inaima pakhomo pa ahedi, anthu n'kuyamba kukweza matiresi ndi mabeseni omwe ankatchera madzi odontha. Ine mtima unali m'malo. Ogula ena amachita kukwera njinga kumene, n'kupalasa pang'ono, kenako n'kutsika. Ndinaima m'mbali mwa msewu manja ali m'thumba, kudikira kuti anene mawu awo omaliza tigwirizane. Ahedi anasuzumira pawindo la lole.

"Tsalani bwino, apampando. Mtsikana uja asasiye sukulu."

Lole inatibula fumbi kulowera cha ku Likoswe. Ndinaimabe pomwepo mpaka fumbilo linatera pansi, ndikuganizabe kuti ikhota.

Anabwera ahedi ena, bambo abwino ndithu. Atangoona nyumba ija anakachita lendi kuboma. Amabwera pa njinga yamoto dzuwa litakwera, ndipo mtsinje ukadzaza timadziwa kuti lero kulibe. Sitandade 1 inapatsidwa kwa mphunzitsi wongobwera kumene, yemwe amathera mawu pokuwa kuti ana akhale chete. Atsikana akasowa m'kalasi, palibenso amene amayenda wapansi kukakhala pakhonde la munthu.

Njerwa tinaumba chilimwe chotsatira, zambiri kuposa zomwe mayi aja ankapempha, ndipo palibe ananenerera. Ine ndemwe ndinaponda dothi mpaka m'mawondo, msika ndikuuphonya. Nyumba inamangidwa, malata akunyezimira mpaka kumsewu. Ahedi atsopanowo anayamika kwambiri, koma anati ana awo anazolowera kale kuboma. Lero m'nyumbamo timasungiramo ufa wa phala la ana ndi matsache.

Ndimamva kuti mayi aja ali pasukulu ina kuseri kwa Mikolongwe. Kabaza akhoza kundifikitsako dzuwa lisanatenthe. Kangapo konse ndavala malaya abwino kuti ndipite ndikati, "Bwerani amayi, tengani, mwawina." Koma ndimathera pamphambano. Katundu amene wina anagula kale suitanira, ndipo ana a kumeneko nawonso ali ndi makolo.

Tsiku la msika ndimapezeka ndikuitana wogula asanayende n'komwe, anzanga n'kumandiseka kuti ndakalamba. Mwina n'zoona. Ine mtengo sindinatsitse, iwo sanatembenuke, nyumba ili apo yopanda wogonamo. Tandiuzani inu amene mukuwerenga, pamalonda amenewa anawina ndani?