Ndinali m'kati mwa mwendo wa mayi akunyumba

Akuluakulu, usiku wathawu ndinalota zoti mpaka pano mtima sukukhala m'malo. Paja mukudziwa mayi akunyumba agonekedwa kuchipatala, mwendo watupa ngati mtondo chiwachekereni lata kugalaja kwanga kuja. Adokotala akuti aona ngati audule kapena ayi.

Ndiye ndinalota ndili m'kati mwa mwendo womwewo. Munali ngati mudzi, nyumba zofiira zokhazokha, kutentha ngati uvuni wa njerwa. Pachilonda paja panali geti, lotseguka. Tizilombo tikungolowa, timichira tikugwedera, tikuyoyola tinyenyeswa ta pakhungu pawo njira yonse.

Kenako kunabwera mlonda woyera mbee, wopanda nkhope, nkutola kanyenyeswa kamodzi, kukanunkhiza. Basi anaimba wenzulo. Mnzake kumva, nayenso wenzulo. Wina uko wenzulo. Posakhalitsa alonda anakhamukira pamenepo, kudzazana mpaka makoma kufufuma. Tizilombo akumenya, inde, koma akuotchanso nyumba za eni mudzi! Madzi kusefukira m'misewu, mitembo ya alonda ili mbwee, ikusanduka mafinya.

Ine magazi anawira. Ndinagwira mmodzi pakhosi. "Chitsiru iwe, ukuotcha mwendo wa mkazi wanga! Siyani!"

Iye osatekeseka. "Bambo, ife tikamva fungo la mdani sitisiya. Mukanatitumizira mankhwala tsiku loyamba bwenzi titamaliza kalekale."

Ndiye kuyang'ana m'manja mwanga, ndanyamula chigubu cha oilo wakuda, yemwe ndinawathira mayi akunyumba pachilonda nkuwauza kuti kuchipatala nkotaya nthawi, ife amakaniko timapola ndi zomwezi. Ndikuti ndichitaye, chakanirira. Oilo akungokhuthuka, tizilombo tikusambiramo, tina kundiwombera m'manja, "Zikomo bwana."

Kenako ndinamva mayi akunyumba akuitana cha kumwamba uko, "Bambo a Madalitso, kukutentha kuno." Osakalipa ayi. Bola akanakalipa. Ndinathamanga kuti ndikatseke geti, koma moto unali utafika kale m'bondo.

Ndinadzidzimuka foni ikulira. Mlamu wanga, yemwe akuwadikirira kuchipatalako, akuti ndifike msanga, adokotala akufuna mwamuna wa wodwalayo. Zambiri wakana kunena pafoni.

Panopa ndili pa siteji, minibasi sikudzaza. Amene mumadziwa maloto tandiuzani msanga, moto ukafika m'bondo ndiye kuti chiyani? Koma wina asayerekeze kundiuza kuti ndilibe mlandu, ameneyo ndimuswa.