Kope langa la kazitape

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 5, amayi akugulitsa zitumbuwa pamsika wa Namadzi. Ankazikulunga m'manyuzipepala akale, ndipo ine ndisanawapatse tsamba ndinkayamba ndadulamo kankhani ka zithunzi kamene kankakhala m'munsi mwake. Kanali ka kazitape wina wa chipewa chopendekeka, katswiri woba makalata achinsinsi m'mayiko a eni. Tizidutswato ndinkatimata m'kope lakale ndi phala la chinangwa. Chingerezi ndinkangotolako apa ndi apo, kwinako n'kudzazamo bodza langa, koma ana a m'mudzi mwathu ankandizungulira kukamwa kuli yasa. Ndinkadzimva.

Kenaka filimu ya kazitape yemweyo inafika m'kanyumba ka vidiyo kuseri kwa msika. Ndinapempha mpaka misozi. Amayi anati mwana wamkazi salowa mumdima ngati umenewo, koma mlongo wanga wamng'ono, Fatsani, amene sanamateko ngakhale kachidutswa kamodzi, anamulola.

Chakumadzulo ndinamupeza ataima pachulu, ana onse aja ali kwa iye. Ankatsanzira kulira kwa mfuti ndi kudumpha pasitima ikuthamanga, malovu akuuluka. Palibe anandicheukira. Nsanje inandigwira, ndipo ndisaname, ndinalakalaka atagwa pachulupo n'kuguluka dzino. Nditamumva akutchula kope langa, ndinati basi, akufuna kundilanda ndi lomwelo. Ndinathamangira kunyumba, ndinalisolola kunsi kwa mphasa n'kuliponya pamoto umene amayi anali atangophulapo chiwaya. Linapsa mosavuta, likununkha phala lopserera.

Posakhalitsa Fatsani anafika ali wefuwefu, gulu lonse lili pambuyo.

"Achemwali, tulutsani kope lija," anatero. "Magetsi anathima filimu isanathe, mkulu uja atamumangirira pampando. Ndawauza anzangawa kuti mathero ake mukudziwa ndi inu nokha."

Mathero analimodi. Ndinali nditawamata dzulo lake, koma ndinali ndisanawawerenge, ndikusungira Lamulungu kuti ndidzawamve kukoma. Ndinaloza phulusa ndi mlomo. Fatsani analiyang'ana, n'kuyang'ana ine, kenaka anayamba kulira ngati kopelo linali lake. Anawo anabalalika mmodzimmodzi. Mmawa mwake filimuyo anapita nayo ku Zomba, ndipo sinabwerenso.

Amayi sanandimenye. Anangofunsa ngati tsopano mtima wanga wakhala pansi, n'kupitiriza kusenda nthochi zawo. Bola akanandikwapula.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo mafilimu ndimaonera pafoni mmene ndafunira. Imene ija sindinaipezenso. Ndinkati ndikukhaulitsa Fatsani, pamene iye ankandibweretsera anthu pakhomo. Mpaka pano tikakumana amandifunsa ngati mkulu uja anamasuka pampando paja.