Tsiku limene adada anatipachika pa sikelo ya mpunga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo pa Uliwa ponse panalibe mnyamata wa msinkhu wanga amene ankandiyankha kawiri. Thupi ndinali nalo, mwanonso ndinali nawo.

Adada anali ndi akazi awiri. Amama anali aakulu, ndipo nyumba ya amayi aang'ono inali kuseri kwa nthochi. Pakati pa nyumba ziwirizi, pansi pa mtengo wa mango, pankakhala chitsulo chimene adada ankalimbitsira thupi: ekiselo ya galimoto yakale, yokolowekamo magiya uku ndi uku. Chinkanunkha girizi, ndipo ukachigwira dzimbiri linkatsalira m'manja. Ndinkachikonda kuposa munthu aliyense pakhomopo.

Amayi aang'ono anali ndi mwana mmodzi, Tiwonge, wazaka khumi ndi ziwiri, wowonda ngati bango. Sindinkamufuna ngakhale pang'ono. Tsiku lina nditamupeza akuyesa chitsulocho ndinamukankha, iye n'kugwera pa muzu mpaka kuchoka khungu pa bondo.

"Zitsulo si za akazi, iwe kanyimbi!" ndinatero. Sanalire.

Adada atapeza ntchito ku Mzuzu, anatiitana tonse Loweruka m'mawa. Anati chitsulo sangachisiye panja, chikasungidwa m'nyumba ya mwana amene ali ndi mphamvu kwambiri. Ndinaseka mpaka misozi. Amama anayala mphasa ngati kukubwera gule.

Ndinayamba ndine. Ndinachidzutsa mpaka m'chiuno, adada akuwonjezera magiya, kufikira pamene chinakana. Tiwonge anamangirira chitenje, adada n'kumuchotserako magiya. Tiwonge anachidzutsa, misempha ya m'khosi ili njo. Changa chinali cholemera kuposa chake, aliyense anaona. Ndinayamba kale kukokera chitsulo kwathu.

"Dikira," anatero adada.

Analowa m'nyumba n'kutulutsa sikelo ya koloweka imene ankagulira mpunga, n'kuipachika pa nthambi. Anayeza chimene ndinanyamula ine: makilogalamu 50. Cha Tiwonge, 35. Kenako anatambasula thumba lopanda kanthu.

"Lowa umu."

"Yayi, adada!"

"Ndati lowa."

Ine, munthu woti ndevu zayamba kumera, kulendewera m'thumba ngati khanda kusikelo! Ana a oyandikana nawo anali atadzaza kumpanda, akugwa nako kuseka. Ndinalemera 60. Tiwonge analowa osauzidwa, n'kulemera 30.

"Mwana uyu wanyamula kuposa thupi lake," anatero adada. "Iwe thupi lako lomwe lakukanika. Komanso wamusiya ndi zaka zitatu, ndipo umati ndiwe mwamuna. Wamphamvu ndani?"

Amama anadzuka. "Ndiye kuti kunenepa kwa mwana wanga kwasanduka mlandu? Mwakonza dala kuti chipite kwa mkazi wanuyo!"

Amayi aang'ono anaomba m'manja kamodzi. "Asa! Sikelo nayonso ndi mkazi wawo?"

Anatukwanizana mpaka nkhuku kubalalika. Adada sanawalabadire. Anatembenukira kwa ine.

"Vitumbiko, pajatu umanyamula zolemera ndiwe. Tenga chitsulochi ukasiye kwa amayi ako aang'ono."

Ndinachinyamula maulendo awiri, ndikulira ndi ukali. Nditaponya giya yomaliza pakhonde pawo, ndinauza Tiwonge kuti kuyambira tsiku limenelo si mlongo wanga. Anayankha kuti sanakhalepo.

Masiku ano ndimayendetsa kanyumba kolimbitsira thupi ku Boma. Pakabwera mnyamata wodzitama, ndimayamba ndamukweza pa sikelo, ndimufunse zaka, kenako ndimuonetse mayi wina wochepa thupi amene amamuposa. Masamu a adada anali oona, ndipo ndimadyera momwemo.

Koma sindinawakhululukire. Ankadziwa kuti nyumba ziwirizi zinkangofuna chifukwa, iwo n'kutipachika pa nthambi imodzi amayi athu akuonerera. Akanatha kundikalipira ndekha kuseri chifukwa cha bondo la mwana uja, nkhani n'kuthera pomwepo. Inenso ndinali wamkulu woti n'kupepesa, sindinatero.

Pamaliro a adada, Tiwonge anabwera ndi ana ake atatu. Wamng'ono anandiloza n'kufunsa kuti bambo aakulu thupiwo ndi ndani. Ndinamva ndi makutu angawa Tiwonge akumuyankha kuti, "Ndi munthu wa pa Uliwa pompano."